Mabakiteriya Odya Haidrojeni

Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timapeza mphamvu pophatikiza mpweya wa haidrojeni ndi okosijeni, chotsalira n'kukhala madzi basi. Ntchitoyi imagwiridwa ndi enzaimu yotchedwa hydrogenase. Hermann Kaserer anafotokoza za tizilomboti mu 1906.

Kwa Katuli, ku Mangochi, malo oyamba kufuna tizilomboti ndi m'minda ya nandolo, soya ndi mtedza. Tizotupa ta pamizu ya mbewuzi, tofiirira mkati mukatiswa ndi chikhadabo, timakola nayitrojeni, koma potero timatulutsanso haidrojeni. Mabakiteriya a m'dothi loyandikira amadya mpweyawo usanapite patali, pomwe mitundu ina ya mabakiteriya a Bradyrhizobium, okhala m'tizotupa ta soya, imaugwiritsanso ntchito yokha. M'thupi la munthu, Helicobacter pylori, bakiteriya woyambitsa zilonda zam'mimba, nayenso amadya haidrojeni.