Jini wodula uja anali kachasu wa ku London

Mukalowa m'malo omwera a apamwamba mu Lusaka, mudzaona mabotolo okongola a jini olembedwa kuti "craft" kapena "small batch". Mtengo wa botolo limodzi ungadyetse banja sabata yathunthu. Mawu amenewo angotanthauza kuti jiniyo anatchezedwa pang'onopang'ono pa kafakitale kakang'ono. Koma kodi mudziwa kuti zaka 300 zapitazo, jini wa mtundu umenewu ndiye anali mowa wa amphawi?

Jini anachokera ku mowa wa ku Netherlands wotchedwa jenever, umene anali kuununkhiritsa ndi tizipatso ta mtengo wa juniper. Mu 1689 William of Orange, munthu wa ku Netherlands komweko, anakhala mfumu ya England. Boma lake linali pa nkhondo ndi France, choncho linatsekereza brandy wa kumeneko ndi kulola anthu kutcheza mowa kuchokera ku mbewu za m'dzikomo. Posakhalitsa jini anatchipa kwambiri, ndipo m'makomboni a London anali kugulitsidwa paliponse: m'nyumba, m'mashopu, ngakhale pa msewu. Ena anali kuthiramo turpentine m'malo mwa juniper kuti apindule zambiri.

Boma litaona anthu akudwala ndi kufa, mu 1736 linalamula kuti wogulitsa jini azilipira mapaundi 50 pa laisensi. Ndalamazo zinali zosatheka kwa munthu wamba, ndiye malondawo anangopita kuseri. Ife tizidziwa bwino zimenezi: tujilijili tunaletsedwa kuno mu 2012, koma ludzu la mowa wotchipa silinathe. Mu 1751, chaka chimene William Hogarth anajambula chithunzi chotchuka cha Gin Lane, chosonyeza mayi woledzera akugwetsa khanda lake, kunabwera lamulo lanzeru. Linaletsa otcheza kugulitsa jini kwa anthu opanda laisensi. Kukwera mtengo kwa mbewu m'zaka zotsatira kunathandizanso, ndipo chipwirikiticho chinazirala.

Mu 1830 Aeneas Coffey analembetsa makina otcheza mowa mosalekeza, otulutsa mowa woyera bwino. Apa ndi pamene panayambira jini wa London Dry, ndipo malondawo anakhala m'manja mwa makampani aakulu. Otcheza ang'onoang'ono anazimiririka mpaka mu 2009, pamene kampani ya Sipsmith, italimbana ndi akuluakulu a msonkho kwa nthawi yaitali, inapatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito mphika waung'ono wa kopa mu London. Panali patapita zaka pafupifupi 200 zimenezi zisanachitike mumzindawo. Ena ambiri anatsatira.

Chokoma cha jini n'chakuti lamulo lifuna kuti juniper azimveka, koma zonunkhiritsa zinazo wotcheza amasankha yekha. Ndiye chifukwa chake dera lililonse limatha kuikamo fungo la kwawo. Ku Stilbaai, ku South Africa, Lorna Scott anayambitsa Inverroche, jini wothiramo zomera za fynbos zomera ku Cape. Ku Nairobi, a Procera amagwiritsa ntchito juniper wa mu Africa momwe muno, womera m'mapiri a Kenya.

Manje tiganizireko amayi otcheza kachasu ku komboni ndi kumudzi. Nawonso amawiritsa, nthunzi n'kudutsa mu mpope, n'kuzizira, n'kudontha. Nzeru yake ndi imodzimodzi. Kusiyana kuli apa: wa jini amataya madontho oyamba, omwe amakhala ndi zinthu zoipa, amayeza mphamvu ya mowa, ziwiya zake n'zaukhondo, ndipo boma limamuyendera. Wa kachasu alibe choyezera, ndipo wakumwa sadziwa chimene walowetsa m'thupi.

Mowa wodula nawonso umawononga chiwindi, botolo lokongola silisintha zimenezo. Koma mbiri ya London ionetsa kuti kuletsa chabe kunalephera, pamene kuikira malondawo malamulo otheka kunapulumutsa anthu. Tili ndi masuku, masau ndi malambe, tilinso ndi anthu odziwa kutcheza. Chosowa ndi njira yoti luso lawo lizigwira ntchito poyera, moyezedwa.