Kantchentche kachilinunda ka m'mitsinje ya Mulanje

Pamene Likhubula ndi Lichenya zikutsika m'phiri la Mulanje, madzi akuchita thovu pamiyala, timphutsi takuda timakangamira pamasamba ndi pamiyalapo. Tikakhwima timasanduka tintchentche tosafika ngakhale theka la sentimita, toluma masana. Othyola tiyi amatidziwa ndi kuyabwa kwa m'miyendo.

Kuzindikira banja lake sikuvuta ukakhala ndi galasi lokuzira zinthu. Kamsana n'kokwera ngati linunda la ng'ombe, tinyanga n'tatifupi topanda ubweya, mapiko ndi aakulu, oyera mbee, mitsempha yokhuthala ili kutsogolo kokha. Udzudzu uli ndi mlomo wautali ndi mamba pamapiko; nkhungu za ku nyanja n'zowonda, ndipo siziluma. Kachilinunda aka ndi ka banja la Simuliidae.

Chimene chinavuta n'kudziwa mtundu weniweni m'banjamo umene ukudwalitsa anthu. Mu 1926 Donald Blacklock anatsimikiza ku Sierra Leone kuti tintchentche totere timafalitsa njoka zazing'ono zoyambitsa matenda a onchocerciasis, oyabwitsa thupi ndi kuwononga maso. Mu 1930 Botha de Meillon anatcha maina mitundu iwiri ya kuno, Simulium woodi ndi Simulium nyasalandicum, ndipo mu 1939 dokotala Gopsill analemba za odwala ku Thyolo.

Mitundu iwiriyi ili ndi khalidwe lodabwitsa: mphutsi zake zimakhala pachigoba cha nkhanu za mumtsinje, n'kumayenda nazo. Khalidweli linatulukiridwa ku Kenya mu 1950, ndipo ofufuza onga D. J. Lewis anayamba kuvundukula miyala kusaka nkhanu. Kwa zaka zambiri mlandu unagwera tintchentche ta pankhanu timeneti.

Koma pambuyo pake zinaoneka kuti toluma anthu mochuluka m'mapiri a Thyolo n'ta gulu lina, la Simulium damnosum. Apa galasi wamba linagonja, pakuti abale a m'gululi amafanana zedi. Ofufuza anachita kung'amba mphutsi, kuchotsa tiziwalo topanga malovu, n'kuwerenga mizere ya makromozomu pa maikulosikopu. Mu 2000 mtundu wa kuno unalandira dzina lakelake, Simulium thyolense.

Nkhondo yeniyeni yolimbana ndi matendawa sinadikire dzinali. Kampani ya Merck inayamba kupereka mapilisi a Mectizan kwaulere mu 1987, ndipo Mulanje ndi Phalombe zinalowa m'gulu la maboma amene anthu ongodzipereka amagawa mapilisiwa m'midzi chaka ndi chaka, akuyeza msinkhu wa munthu ndi ndodo kuti adziwe angati omupatsa.