Mosungira ubweya mwasanduka modyera nkhomaliro

Makilomita pafupifupi 10 kumwera kwa mzinda wa Bath, m'dera la Somerset ku England, kuli mudzi wa Norton St Philip. Pakati pa mudziwo pali nyumba ya miyala kunsi ndi matabwa kumtunda, dzina lake George Inn. Lamulungu masana anthu amachoka ku Bath, ku Bristol, ena kutali ndithu, kudzadya nyama yootcha, kachewere ndi msuzi, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ambiri amapita akukhulupirira kuti adya monga ankadyera makolo a Angerezi. Makomawo ndi akalekale zoona, koma ulendo wodzangodya nkhomaliro ndi wadzulodzuloli.

Nyumbayi inayamba kumangidwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, ndipo eni ake sankaganiza za mowa. Anali amonke a chipani cha Carthusian a ku Hinton, mudzi woyandikana nawo, komwe anakhazikika mu 1232. Chuma chawo chinali nkhosa. Ku Norton kunkachitika misika ikuluikulu ya ubweya ndi nsalu, choncho pankafunika mosungira katundu komanso pogona amalonda, ngati resitihausi ya pamsika wa kwathu kuno. Mfumu Henry VIII itatseka nyumba ya amonkeyo mu 1539, George Inn inatsala ikukhalira alendo odutsa ndi mahatchi awo.

Mmodzi mwa odutsawo anali Samuel Pepys, mkulu wa boma amene ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku. Pa 12 June 1668, ali pa ulendo wa ku Bath ndi mkazi wake, anadya m'mudzimu n'kulemba kuti chakudyacho chinamukomera. Eni mudzi amati munali mu George momwemu. Koma Pepys sanayendere chakudya. Anadya chifukwa njala inamupezera pamenepo.

Mlendo amene mudziwu sumuiwala ndi Duke wa ku Monmouth, mwana wamchigololo wa Mfumu Charles II, amene anafuna kulanda ufumu kwa James II, mng'ono wa bambo ake. Mu June 1685, anthu a ku Bath atakana kumutsekulira zipata, anabwera ndi gulu lake la alimi ndi owomba nsalu n'kusandutsa George Inn likulu lake. Pa 27 June anamenyana ndi asilikali a mfumu m'tinjira ta mudziwu ndipo anawabweza. Chimwemwecho sichinakhalitse. Pa 6 July anagonja ku Sedgemoor, pa 15 July anadulidwa mutu ku London, ndipo amuna 12 mwa omutsatira anadzanyongedwa pa Norton pomwepa. Lero nkhaniyi imathandiza kudzaza matebulo. Magazi akakalamba amasanduka malonda.

Kenaka kunabwera njanji. Sitima itayamba kuyenda pakati pa London ndi Bristol mu 1841, ngolo za mahatchi zinachepa m'misewu, ndipo nyumba za alendo za kumidzi zinatsala ndi anthu a m'mudzi okha. Kwa zaka zambiri nyumba yotereyi, imene Angerezi amaitcha pub, inali ya amuna omwa mowa akaweruka kumunda. Wofuna chakudya ankapatsidwa kabuledi, dzira kapena kapaketi ka tchipisi.

Chimene chinabweza alendo ndi galimoto, ndipo ochenjera anaona mwayi. Mbale imene Angerezi amaitcha ploughman's lunch, ya buledi, tchizi ndi anyezi wa m'viniga, imamveka ngati chakudya cha mlimi wamakedzana. Alimi ankadyadi buledi ndi tchizi, koma dzinalo linatchuka chifukwa ogulitsa tchizi ndi bungwe la Milk Marketing Board analilalikira m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Mwini pub anaikonda popeza siinkafuna wophika.

Mu 1967 nduna ya zamtengatenga, Barbara Castle, anabweretsa lamulo loyeza mpweya wa madalaivala, malire ake mamiligalamu 80 a mowa pa mamililita 100 a magazi. Eni mabala anamutukwana, ena anamuopseza kuti amupha. Komatu pub imene makasitomala ake amabwera pagalimoto sikanakhaliranso mowa wokha, ndiye khitchini inayamba kukula. Mu 1995 malamulo analola ana osakwana zaka 14 kulowa m'mabala okhala ndi chilolezo, analolanso kutsekula Lamulungu masana onse. Pa 1 July 2007 kusuta fodya m'kati kunaletsedwa mu England yense. Apa banja lonse, agogo ndi khanda lomwe, linapeza pokhala.

Sindikudandaula kuti zinatero. Popanda odzadya, nyumba zambiri zoterezi bwenzi zitagulitsidwa n'kukhala nyumba za anthu olemera, monga zachitikira ma pub ambirimbiri a kumidzi. Komabe wolipira mtengo wake ndi munthu wa m'mudzimo. Bungwe la CAMRA, lomwe lakhala likumenyera ma pub kuyambira 1971, limadandaula kuti ena angosanduka malesitilanti. Woyendetsa thalakitala akalowa Lamulungu ndi jombo zamatope, amapeza tebulo lililonse linasungitsidwa kale pafoni, ndipo mowa wake amamwera chiimire pakauntala.