Malata Asanakwere Padenga: Mbiri ya Nyumba Yoyamba kwa Mnkhanya

Munthu wa pantchito ku Lusaka akafuna kugula nyumba yake yoyamba pankhongole, a banki amamufunsa zinthu zitatu. Amafuna pepala la malipiro ake a pamwezi, taitolo ya malo pamene nyumbayo yaima, ndi dipoziti, ndiye kuti gawo la mtengo wa nyumbayo limene ayenera kupereka yekha asanamubwereke zotsalazo. Kwa Mnkhanya, m'boma la Mambwe, anthu ambiri alibe ziwiri zoyambazo. Mlimi wa thonje salandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo malo a m'mudzi alibe taitolo chifukwa ali m'manja mwa mfumu. Koma chachitatucho amachidziwa bwino, kungoti samachisunga ku banki. Chili kuseri kwa nyumba kumene kwaima uvuni wa njerwa, chili kunsi kwa bedi kumene malata asanjikizana kudikira chaka chawo. Kuti anthu a m'chigwa cha Luangwa afike posunga chuma chawo motere panadutsa zaka zoposa 100, ndipo anali ndi zifukwa zake.

Dziko la Akunda lili ndi mafumu 6: Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Msoro ndi Mnkhanya. M'midzi yawo kale nyumba yoyamba sinkafuna ndalama. Mnyamata akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya makolo n'kumanga gowelo ndi anzake, ndipo pagowelo pomwepo ndi pamene ankaphunzirira kuzika nsichi, kumanga mbaliro ndi luzi, ndi kufolera udzu. Nyumba yeniyeni inkabwera ndi ukwati. Akunda amatsata kuchikazi, choncho mwamuna ankapita kukakhala kwawo kwa mkazi, ndipo apongozi ndiwo ankamulozera pomanga ndi polima. Iye ankalowa m'tchire kukadula mitengo ya mupani, imene chiswe sichiidya msanga. Akazi ankamweta udzu, kutunga madzi, kumata ndi kuzira pansi. Tsiku lokweza denga ankafulula mowa, amuna a m'mudzi n'kubwera kudzanyamula. Mkamwini ankalipira ndi msana wake, polima m'munda wa apongozi kwa zaka mpaka anthu atakhutira kuti ndi munthu wosunga banja.

Nyumba yotere sinkakhalitsa. Nthaka ikaguga, mtsinje ukasintha njira, kapena maliro akachuluka, mudzi wonse unkasamuka, nyumba n'kutsala zikugwa zokha. Palibe amene ankaganiza zogulitsa nyumba kapena kuisiyira mwana ngati chuma. Ndipo chuma chosunga chinali chovuta m'chigwamu kusiyana ndi kumtunda. Mngoni wa kwa Mpezeni ankasunga chake m'khola, ng'ombe zikuswana chaka ndi chaka. M'chigwa kashembe sankalola ng'ombe kukhala ndi moyo. Zotsala zinali mbuzi, nkhuku ndi nkhokwe ya mapira, koma nkhokwe nayo njovu imodzi inkatha kuipasula usiku umodzi.

Ndalama zinafika pakhomo la nyumba kudzera mumsonkho. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, inakhazikitsa boma lake ku Fort Jameson, kumene lero timati ku Chipata. Patangopita zaka zochepa kampaniyo inalamula kuti nyumba iliyonse izilipira masheleni 3 pachaka. Munthu anamanga yekha, ndi mitengo ya m'tchire la makolo ake, koma anayenera kulipira mlendo kuti apitirize kugonamo mwamtendere. M'chigwa munalibe msika wogulitsirapo mapira kuti masheleniwo apezeke, ndiye amuna anayamba ulendo wapansi. Ena anakalima fodya m'mafamu a azungu pafupi ndi Fort Jameson. Ena anawoloka Zambezi kupita ku Halale, kumigodi ndi kumafamu a Southern Rhodesia. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 migodi ya mkuwa ya ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga inatsegula njira ina. Obwerera ankabwera ndi nsalu, mabulangete ndi njinga. Amene sanabwerere anatchedwa machona.

Kutauni amuna amenewa anaphunzira za nyumba yamtundu wina, ya njerwa ndi malata, yokhala ndi nambala pachitseko. Inali ya mwini ntchito. Lamulo la 1948 linakakamiza olemba anthu ntchito m'matauni kupezera antchito awo achikuda pokhala, ndipo zotsatira zake zinali zakuti nyumba inkayendera limodzi ndi ntchito. Ntchito ikatha, kaya chifukwa cha ukalamba, matenda kapena mkangano ndi kapitawo, munthu ankabweza kiyi. Ankatha kukhala m'komboni ya mgodi zaka 20, ana onse n'kubadwira momwemo, koma osakhala ndi njerwa imodzi yomwe angati ndi yake. Chimene ankatha kutenga popita kumudzi ndi chokhacho chokwera pa lole. Malata amakwera pa lole.

Ufulu utabwera mu 1964, boma la Kenneth Kaunda linayesa kutsegulira anthu akuda khomo limene kale linali la azungu okha. Mu 1970 linakhazikitsa Zambia National Building Society kuti anthu azisungako ndalama ndi kubwereka zogulira nyumba, ndipo mu 1971 linakhazikitsa National Housing Authority kuti izimanga nyumbazo. Koma mabungwewa ankatumikira munthu wa malipiro a pamwezi wokhala m'tauni. M'chigwa boma linabwera ndi nkhani ina. Nkhalango imene atsamunda anaipatula mu 1938 kuti ikhale ya nyama inasanduka South Luangwa National Park mu 1972, ndipo midzi ya Akunda, kuphatikizapo ya kwa Mnkhanya, inakhala m'dera loyang'anira nyama la Lupande. Malo anatsalabe m'manja mwa mafumu, opanda pepala loti munthu angakapinyolitse ku banki.

Amene anakhulupirira buku la banki pa zaka zimenezo anaona zokhoma. Pamene kwacha inayamba kugwira ntchito mu 1968 inali yamphamvu kuposa dola ya ku America: K1 inkasinthidwa ndi dola imodzi ndi masenti 40. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, nkhongole za dziko zinakula, ndipo kwacha inayamba kusuluka. Mu 1993 mitengo ya zinthu inakwera kuposa kawiri m'chaka chimodzi. Mu 1995 banki ya Meridien BIAO inatsekedwa, osungako ndalama n'kutsala akugogoda pachitseko. Pofika 2012 dola imodzi inkafuna makwacha pafupifupi 5,000, ndipo pa 1 Januwale 2013 boma linadula maziro atatu kuti K1,000 ikhale K1. Tiwerengere bwino apa. Munthu amene anakwirira K100 m'chitini mu 1968 anakwirira madola 140. Akanakafukula mu 2012 akanapeza ndalama yofanana ndi masenti 2, yosakwana kugula msomali. Mnzake amene anagula malata chaka chomwecho anali akugonabe pouma.

Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za makhonsolo ndi za boma kwa anthu amene ankakhalamo, zambiri pamtengo wotsika kwambiri. Mabanja ochuluka a ku Lusaka, Kitwe ndi Ndola anapeza nyumba yawo yoyamba mwanjira imeneyo. Mwayi unagwera amene tsikulo anapezeka ali m'nyumba ya khonsolo. Mlimi wa kwa Mnkhanya analibe nyumba ya boma yoti amugulitse.

Chimene chinafika m'chigwa pa zaka zomwezo ndi ndalama zobwera kamodzi pachaka. Kampani ya boma ya thonje, Lintco, itagulitsidwa mu 1994, makampani ogula thonje anayamba kupereka mbewu ndi mankhwala pankhongole, n'kumadula nkhongoleyo pogula. Ntchito ya Luangwa Integrated Resource Development Project, imene dziko la Norway linkathandiza, kuyambira 1996 inayamba kubwezera kumidzi ya Lupande gawo lalikulu la ndalama zochokera kwa alenje achilendo, ndipo anthu ankagwirizana pamsonkhano kuti zingati zigawidwe pakhomo ndi pakhomo, zingati zimange sukulu kapena chitsime. Kenako kunabwera COMACO, yogula mpunga, nsawawa ndi uchi kwa alimi. Achinyamata analowa ntchito m'malo ogona alendo odzaona nyama ku Mfuwe, koma misasa yambiri ya m'tchire imatseka mvula ikayamba. Ndalama zonsezi n'zofanana pa chinthu chimodzi. Zimabwera nthawi ya chilimwe, zimabwera pamodzi, ndipo mudzi wonse umadziwa tsiku limene zafika.

Apa ndi pamene pali nzeru ya malata. Ndalama ya m'thumba ili ndi eni ake ambiri. Mlongo akudwala, mphwake wathamangitsidwa kusukulu, kwa apongozi kwagwa maliro, ndipo munthu wokana kuthandiza ali nazo m'manja amatchuka ndi dzina loipa. Koma wobwera kudzapempha akapeza kuti ndalama ya thonje inasanduka malata 6, amangoti zikomo n'kubwerera, chifukwa palibe amene amapempha lata limodzi. Malata sabereka chiwongoladzanja, koma mtengo wake umakwera limodzi ndi mitengo ya zinthu, ndipo vuto likakula zedi amagulitsika tsiku lomwelo. Choncho nyumba imamangidwa chobwerera, kuyambira kudenga. Chaka choyamba malata ochepa, chaka chachiwiri ena, mpaka akwane. Kenako banja limaumba njerwa m'chilimwe, kusanja uvuni ndi kuwotcha mvula isanagwe. Simenti imagulidwa pomaliza chifukwa ikakhalitsa imauma m'thumba. Makoma aja ofika pawindo amene timawaona m'mbali mwa msewu wa Chipata kupita ku Mfuwe, udzu utamera m'kati, mlendo amawayesa nyumba zolephereka. Eni ake amadziwa kuti khomalo likudikira thonje la chaka chamawa. Akale anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kuti malata agulidwe ambiri nthawi imodzi, anthu amadalirana. Chilimba, chimene anthu a kumigodi anachizolowera kalekale, n'chosavuta: anthu angapo amasonkha ndalama yofanana mwezi uliwonse, mmodzi n'kutenga zonse, mwezi wotsatira wina. Magulu a banki ya m'mudzi, amene ambiri mwa mamembala ake ndi azimayi, amapita patsogolo pang'ono. Amasunga m'bokosi la maloko angapo, makiyi ali kwa anthu osiyana, amabwerekana ndi chiwongoladzanja, n'kugawana zonse pakutha pa chaka. Mwana wa ku Lusaka amene kale ankatumiza ndalama kudzera mwa munthu wokwera basi lero amangotumiza pafoni, pa Airtel kapena MTN. Ndipo mu 2023 lamulo litalola kuti wosonkha ku NAPSA atapeko 20 peresenti ya ndalama zake za penshoni asanapume pantchito, antchito a malipiro a pamwezi anapeza ndalama yoyambira imene banki sikanawapatsa.

Njira imeneyi ili ndi minga yake. Njerwa zosawotcha mvula yoyamba imazisungunula. Madzi osefukira, monga aja a 2007, salemekeza khoma la munthu. Mu 2020 mliri wa Covid utaimitsa alendo, malipiro a ku Mfuwe anaima ndipo makoma anaima nawo. Uvuni uliwonse umadya mitengo ya mupani, yomwe ija makolo ankamangira. Ndipo wofulumira amene wathamangira kaloba kuti atsirize denga amatha kugulitsa malata omwewo pobweza.

Funso lalikulu limabwera nyumba ikatha: kodi ndi ya yani? Mkamwini wakale ukwati ukatha ankanyamula nkhwangwa ndi bulangete lake n'kusiya nyumba ya mitengo osayang'ana m'mbuyo, chifukwa ankatha kumanga ina m'mwezi umodzi. Nyumba ya njerwa imene yadya thonje la zaka 8 saisiya choncho. Amuna ena amasasula malata, mkazi ndi ana n'kutsala m'makoma opanda denga. Mkazi amene anatengedwa kukakhala kwawo kwa mwamuna amaopa zomwezo mwamunayo akamwalira. Lamulo la chuma cha masiye la 1989 linateteza mkazi wamasiye ndi ana kuti asachotsedwe m'nyumba, koma lamulo lomwelo limanena kuti silikhudza malo a mafumu. N'chifukwa chake mabanja ambiri atsopano amakonda kupempha poloti m'mbali mwa msewu, pamalo posakhala pa mbumba ya mwamuna kapena ya mkazi.

Lamulo la malo la 1995 linatsegula njira yoti malo a m'mudzi asanduke a taitolo ya zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza. Taitolo yotereyi banki imailandira. Koma kuyeza malo ndi kuyendera maofesi kumafuna ndalama zimene mlimi akanagulira malata, ndipo amene amafika msanga kumapeto kwa njirayo nthawi zambiri ndi obwera, a ndalama kale. Malo akalembedwa m'buku la boma amachoka m'manja mwa mfumu, ndipo akapinyolitsidwa akhoza kulandidwa, chinthu chimene malo a mbumba sankachidziwa. Banja la kwa Mnkhanya limene likuyamba kusunga chaka chino liyenera kugwirizana za dzina la mwini nyumba, pamaso pa ankhoswe ndi anyakwawa, lata loyamba lisanalowe kunsi kwa bedi.