Buku Limene Linasunga Manda a Makolo ku Mangalande

Ku Mangalande anthu omveka a makedzana anali kuikidwa m'kati mweni mweni mwa chalichi. Pamwamba pa manda amisiri anali kusema cifaniziro ca mwala ca womwalirayo, ali cigonere, kawirikawiri mkazi wace ali pambali pace. Kwina anali kukhomera pa mwala cifaniziro ca mkuwa. Pomwepo panali kulembedwa maina ndi zizindikiro za pfuko, kotero kuti mandawo anali mboni ya cibale: mwana wa yani anakwatira mwana wa yani.

M'caka ca 1641 Sir Christopher Hatton anaona kuti mkangano wa Mfumu Charles I ndi Nyumba ya Malamulo ulikunka ku nkhondo, ndipo anadziwa kuti ambiri a adani a Mfumu anali kuyesa zifanizirozi mafano. Cifukwa cace anatuma William Dugdale, munthu wodziwa mibadwo ya mabanja, pamodzi ndi William Sedgwick, mmisiri wojambula zizindikiro za mapfuko. Awiriwa anayamba ku St Paul's ndi Westminster Abbey mu London, napitirira ku Peterborough, Ely, Lincoln, York ndi kwina. Dugdale anali kulemba mau a pa miyala. Sedgwick anali kujambula manda ndi mazenera, nazipaka utoto wosungunula m'madzi, umene suvuta kunyamula pa ulendo ndiponso uuma msanga.

Akadazengereza pang'ono, nchitoyo ikadalephera. Nkhondo inabuka mu 1642. Asilikari a Nyumba ya Malamulo anaononga chalichi ca Peterborough mu 1643, ndipo mu 1644 anakanganula mikuwa ya pa manda ku Lincoln. Zimene nkhondo inasiya mu St Paul's, moto waukuru wa London unazitha mu 1666. Mwa manda amene anatayika motero munali a John of Gaunt, mwana wa Mfumu Edward III, amene anamwalira mu 1399, ndi mkazi wace Blanche.

Komatu cithunzi naco cikhoza kuphonya. Mu 1658 Dugdale anasindikiza mbiri ya St Paul's, m'mene munali zithunzi zozokotedwa ndi Wenceslaus Hollar. Pa manda eni eni John ndi Blanche anali ogwirana manja, cinthu cokoma cimene amisiri a nthawi imeneyo anali kusema pa manda owerengeka okha. Koma Hollar sanacionetse. Buku la Sedgwick, lochedwa Book of Monuments, lisungidwa lero mu British Library ku London.