Malire a Korea ndi Maso a Alendo

Nkhondo ya ku Korea sinathe ndi pangano la mtendere; pa 27 Julayi 1953 ku Panmunjom anangogwirizana zoleka kuomberana. N'chifukwa chake malo okumbukira nkhondo m'malire a makilomita pafupifupi 250 a pakati pa mayiko awiri a Korea amakamba za bala lomwe silinapole. Paki ya Imjingak inamangidwa mu 1972 poganizira mabanja amene nkhondo inawalekanitsa, ndipo ngalande yachitatu ya pansi pa nthaka yodutsa malirewa, yomwe inapezeka mu 1978, lero amalowamo alendo. Ena amati kumeneku n'kuchita malonda ndi chisoni cha anthu. Dandauloli lili ndi maziko, komabe munthu amene waima pa malo oonera a Dora n'kuona mzinda wa Kaesong kutsidya kwa malire ndi maso ake amabwerako atamvetsa kuti ogawikawo ndi anthu amodzi, olankhula chinenero chimodzi.