Mbiri ya Kufutsa ndi Kusunga Masamba ku Thambani

Dera la Thambani lili kummwera kwa tauni ya Mwanza, kufupi ndi malire a Malawi ndi chigawo cha Tete cha ku Mozambique, ndipo limadziwika ndi phiri lake komanso nkhalango yotetezedwa ndi boma, momwe mumamera mitengo ya mombo, tsamba ndi masuku. Monga zilili m'madera ambiri a chigawo cha kummwera, mvula kumeneko imayamba cha mu Novembala n'kuleka cha mu Epulo, kotero kuti chaka chimagawika pawiri, pakati pa miyezi imene ndiwo zamasamba zimachita kuwolera m'munda chifukwa chochuluka ndi miyezi imene mayi amazungulira munda wonse osapeza tsamba laliwisi loti n'kuthyola. Mwambo wa kufutsa, womwe ndi kuphika masamba pang'ono kenaka n'kuwayanika kuti adzadyedwe m'chilimwe, unabadwa pofuna kutseka mpata umenewu, ndipo mbiri yake ikuonetsa kuti luso la amayi limeneli lakhala likulandira mbewu zachilendo mibadwo yonse popanda kutaya maziko ake.

Masamba oyambirira kusungidwa mwa njirayi anali a zomera za mu Africa momwe muno, monga chitambe, chomwe ndi masamba a khobwe, luni, denje ndi therere la mitundu yosiyanasiyana lomera lokha m'thengo ndi m'masala. Koma ndiwo zambiri zimene lero zimatchedwa zamakolo zinachokera kutali, pakuti maungu amene amapereka nkhwani, nyemba zimene zimapereka khwanya, chinangwa cha chigwada, mbatata ya kholowa, ngakhalenso mtedza umene umasinjidwa kukhala nsinjiro zotendera, zonsezi kwawo ndi ku America, ndipo zinafika mu Africa chitadutsa chaka cha 1500 kudzera m'malonda a panyanja a Apwitikizi. Popeza Apwitikiziwo anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, mtsinje wa Zambezi unakhala limodzi mwa makomo olowera mbewuzi, ndipo madera oyandikana ndi Tete, monga Mwanza, anali panjira pomwe. David Livingstone atayenda m'chigwa ndi m'mapiri a Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima kale maungu, nyemba, mtedza, chinangwa ndi mbatata pamodzi ndi mapira, monga mmene analembera m'buku la ulendo wake wa ku Zambezi lomwe linatuluka mu 1865.

Ntchito yofutsa imagwiridwa kumapeto kwa dzinja ndi kumayambiriro kwa masika, pamene masamba akadali anthete koma dzuwa layamba kuwala masiku otsatizana. Mayi amathyola masamba mame atakamuka, ndipo ngati ndi nkhwani amayamba wausadzula, ndiko kuchotsa ulusi wolimba ndi timinga ta kumapesi, asanautsuke ndi kuuponya mumphika wa madzi ochepa owira kale, nthawi zina othira kamchere. Masambawo safunika kupsa, koma kungofota, ndipo akatero amatsanulidwa, kufinyidwa ndi kumwazidwa mopyapyala pamphasa, pathanthwe kapena pathandala pomwe nkhuku ndi mbuzi sizingafike. Pakatha masiku awiri kapena atatu a dzuwa lamphamvu, mfutso umakhala wauma, ndipo chizindikiro chake n'chakuti umaphwanyika ukafikisidwa m'manja. Ukamapindika osathyoka ndiye kuti udakali ndi madzi ndipo udzachita nkhungu. Masamba a therere, mosiyana ndi enawa, kawirikawiri amayanikidwa osaphika n'kusinjidwa kukhala ufa, pamene bowa wa m'nkhalango za mombo amawiritsidwa kaye asanayanikidwe.

Akatswiri a zakudya anadzafotokoza pambuyo pake chifukwa chimene njirayi imagwirira ntchito. Tsamba laliwisi limakhala ndi madzi opitirira magawo 80 pa 100 alionse, ndipo ngakhale litathyoledwa, mkati mwake mumakhalabe tizinthu totchedwa maenzaimu timene timapitiriza kusintha mtundu wake ndi kakomedwe kake. Kuwiritsa kwa kanthawi kochepa kumaletsa tizinthuti, pamene kuyanika kumachotsa chinyontho chimene nkhungu ndi tizilombo toyambitsa kuwola timadalira. Njirayi ili ndi mtengo wake, chifukwa vitamini C wambiri amathera m'madzi owira ndipo dzuwa lowomba mwachindunji limachepetsa michere imene thupi limapangira vitamini A, komabe michere ina monga ayironi ndi kashiamu imatsala yambiri mu mfutsowo.

Mfutso ukauma unkasungidwa m'chikwatu, chomwe ndi phukusi lobulungira lopangidwa poyala masamba akuluakulu a msuku mosanjikiza, kuika ndiwo zoumazo pakati, kenaka n'kumanga molimba ndi luzi mopingasa. Zikwatu zinkapachikidwa kudenga la nyumba yophikiramo, pamwamba pa moto, pomwe kutentha kunkathamangitsa chinyontho ndipo utsi unkaingitsa tizilombo tofumbula chakudya, kotero kuti ngakhale kunja kwa chikwatu kunkada bii ndi mwaye, ndiwo za mkati zinkafika nazo mvula yotsatira zili bwino. Ena ankasunga mfutso m'mitsuko kapena m'zipanda zomatidwa pakamwa. Pofuna kuphika, mayi ankaboola chikwatu pang'ono, kutapa zokwanira tsikulo, kuziviika m'madzi kuti zifewe, n'kuziphika ndi chidulo, chomwe ndi madzi ochezedwa m'phulusa, asanatendere ndi nsinjiro. Kuchuluka kwa zikwatu kudenga kunali umboni wa khama la mwini khitchini, ndipo mtsikana ankaphunzira ntchitoyi pothandiza amayi ake ndi agogo ake.

Boma la atsamunda linayamba kulemba za chakudya cha kumudzi mochedwa. Kafukufuku wa kadyedwe ka anthu a mu Nyasaland, yemwe anayamba mu 1938 motsogozedwa ndi B. S. Platt m'midzi ya m'boma la Kota Kota, anaonetsa mmene chakudya cha pabanja chinkasinthira ndi nyengo, ndipo Jessie Williamson, amene anagwira nawo ntchitoyi, anasonkhanitsa mayina ndi ntchito za zomera m'buku la Useful Plants of Nyasaland la mu 1955, lomwe linakonzedwanso n'kutuluka mu 1975 ndi dzina loti Useful Plants of Malawi. Kufunika kwa kudziwa zomera zodyedwa kunaonekera poyera pa njala ya mu 1949, imene inasautsa kwambiri chigawo cha kummwera ndipo mbiri yake inalembedwa ndi Megan Vaughan mu 1987, komanso pa njala ya mu 2002. Mfutso sulowa m'malo mwa nsima, koma banja limene lili nawo silikakamizika kugulitsa chimanga chochepa chotsala m'nkhokwe kuti ligule ndiwo, ndipo n'chifukwa chake akuluakulu polimbikitsa kufutsa amakumbutsa kuti chakudza sichiyimba ng'oma.

M'zaka za posachedwa mwambowu wasintha maonekedwe. Kufala kwa ulimi wa m'madimba, momwe mumalimidwa mpiru, repu, chayinizi ndi kabichi m'chilimwe, kwachititsa kuti ndiwo zaziwisi zizipezeka pamsika pafupifupi chaka chonse, ndipo ena anayamba kuuona mfutso ngati chakudya cha osowa. Matumba a saka, majumbo ndi zigubu zalowa m'malo mwa zikwatu m'makomo ambiri, ngakhale kuti jumbo limasunga thukuta ngati masamba sanaumitsitse. Alangizi a zaulimi ndi a zakudya akhala akulimbikitsa kuyanika masamba pamthunzi kapena m'zoumitsira zofundidwa ndi pulasitiki, zimene zimagwiritsa ntchito kutentha kwa dzuwa koma zimatchinga fumbi ndi ntchentche.

Kuyanika pamthunziko si kwachilendo, popeza pambali pa kufutsa ndiwo panali kale njira ina yosungira masamba amene phindu lake lili m'fungo. Zitsamba monga mpungabwi, umene umaikidwa m'nyumba kapena kufukizidwa pothamangitsa udzudzu, ndi chanzi, chimene ena amawiritsa pochiza chimfine, siziwiritsidwa zisanaumitsidwe, koma zimamangidwa timitolo n'kupachikidwa pakhonde kapena pamalo opita mphepo. Chifukwa chake n'chakuti fungo la zitsambazi limachokera ku mafuta osachedwa kuuluka amene amakhala m'timatumba ting'onoting'ono ta patsamba, ndipo madzi owira kapena dzuwa lamphamvu zimawathawitsa.

Rosemary, chitsamba chokometsera chakudya chimene chimagulitsidwa m'masitolo akuluakulu a m'mizinda ngati Blantyre ndiponso chimabzalidwa pamakomo ena, chili m'banja limodzi ndi mpungabwi, choncho chimatsata njira yachiwiriyi. Kwawo ndi kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, komwe Agiriki ndi Aroma akale ankachidziwa bwino, ndipo chinatchulidwa pamndandanda wa zomera zoyenera kubzalidwa m'minda ya mfumu Charlemagne cha m'ma 800. Carl Linnaeus anachipatsa dzina la sayansi loti Rosmarinus officinalis mu 1753, koma mu 2017 akatswiri anachiika m'gulu lina n'kuchitcha Salvia rosmarinus. Masamba ake ndi aang'ono, osongoka ndi olimba, sayoyoka chaka chonse, ndipo chitsambachi chimakonda dzuwa ndi nthaka yosasunga madzi, chimapirira chilala, komanso chimafalitsidwa mosavuta podula kanthambi n'kukazika.

Popeza rosemary amakhala wobiriwira ngakhale m'chilimwe, mlimi amene ali naye pakhomo safunika kusunga wambiri, ndipo njira yabwino ndi kudula nsonga zanthete pa tsiku lophika. Tinthambi totsala timakhala masiku angapo tikaimikidwa m'kapu ya madzi pamalo ozizira, kapena sabata imodzi mpaka ziwiri tikakulungidwa m'kansalu konyowa n'kuikidwa m'firiji. Wofuna kuumitsa amamanga timitolo ting'onoting'ono n'kutipachika pamthunzi popita mphepo kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka amapulula masambawo n'kuwatsekera m'botolo louma, lomwe limaikidwa kutali ndi kuwala ndi moto, ndipo fungo limakhalamo miyezi yambiri. Denga la khitchini, lomwe linali malo abwino a chikwatu, silimuyenera rosemary, chifukwa utsi umakwirira fungo limene akusungidwira. Ena amasinja masambawo pamodzi ndi mchere kuti azithira m'nyama, koma kuviika masamba aawisi m'mafuta ophikira n'kuwasiya kunja kwa firiji n'koopsa, pakuti mmenemo mungathe kuswana kachilombo ka Clostridium botulinum kamene kamatulutsa poizoni wakupha. Pophika, rosemary amagwirizana ndi nyama ya mbuzi, nkhuku ndi mbatata ya kachewere, ndipo wouma amathiridwa wochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a muyeso wa wamuwisi, popeza akachuluka amawawitsa ndiwo.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti zimene zakhala zikusintha ndi mbewu ndi zosungiramo, pamene malamulo a ntchitoyi akadali omwe aja: kuthyola tsamba pa nthawi yake, kulichotsa madzi mofulumira, kusiyanitsa tsamba la ndiwo ndi tsamba la fungo, ndi kulisunga pouma. Banja la ku Thambani limene likudziwa kufutsa nkhwani ndi kuumitsa mpungabwi lili kale ndi luso lokwanira kusamalira rosemary kapena chitsamba china chilichonse chatsopano, ndipo udindo umene watsala kwa makolo, aphunzitsi ndi alangizi ndi kuonetsetsa kuti ana akuphunzira lusoli amene amalidziwa bwino akadali moyo.